Musanapite ku intavyu, yezaninso Chichewa chanu

Achinyamata akaitanidwa ku intavyu ya ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta kukampani ya zaumoyo, amachezera usiku ndi Python, SQL ndi mafunso a momwe deta imasungidwira. N'zoyenera, pakuti mafunso amenewo amabweradi, ndipo amabwera m'Chingerezi. Koma pulogalamu imene mukalembe ikakhala m'manja mwa namwino ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo uthenga wake ukafika kwa mayi wokhala pabenchi ndi buku lake la kuchipatala. Apo ndi pamene anzeru ambiri amapunthwa.

Yambani ndi kuyeza ndi kuyezetsa. Amayeza ndi dokotala kapena wa kulabu, wodwala amayezetsa. Batani lolembedwa kuti "Yezetsani" pasikirini ya namwino likumuuza namwinoyo kuti apereke mkono wake. Komanso mawu akuti "kuyezetsa magazi", m'kamwa mwa anthu ambiri, amaloza ku HIV. Mukalemba choncho pokumbutsa mayi za kukayezetsa shuga, uthengawo n'kuwerengedwa ndi bambo a kunyumba pafoni yobwerekana, mwayatsa moto m'banja la eni ake.

Nanga "wachira"? Kuwodi ya abambo ndiye kuti matenda atha. Kwa amayi oyembekezera ndiye kuti wabereka bwino, ndipo azamba ndi apongozi onse amamva motero. Wolemba pulogalamu amene waika "Wachira" m'ndandanda umodzi wa zotsatira za odwala onse wasakaniza ziwerengero ziwiri, ndipo lipoti lopita ku DHIS2, nkhokwe ya deta ya zaumoyo, lidzanama ngakhale khodi yake ilibe cholakwika. Malungonso ndi chimodzimodzi: kumudzi thupi likangotentha amati malungo, pomwe kuchipatala malungo ndi amene apezeka m'magazi. Funso la pafomu lizinena kuti "Kodi thupi likutentha?"

Kupereka uthenga wa zaumoyo pafoni si kwachilendo kwathu kuno. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo anthu amaimba foni n'kumva malangizo m'chinenero chawo. Ntchito yotere imadalira mawu osankhidwa bwino, ndi ulemu womwe. "Imwa mankhwala ako" n'chipongwe kwa agogo. Makina nawonso aziti "Imwani mankhwala anu". Ena amati ulemu umatalikitsa uthenga. Zilembo ziwiri zokha!

Tsono pokonzekera, tengani sikirini imodzi ya pulogalamu imene munalembapo, muiike m'Chichewa, mukawerengere namwino kapena azakhali anu, muone pamene akwinye nkhope. Akakufunsani ku intavyu za vuto limene munalithetsapo, afotokozereni limenelo. Inunso ofunsa mafunso, pa mafunso anu onse lisasowe limodzi la m'Chichewa: muuzeni wofuna ntchitoyo alembe uthenga wouza mayi kuti amwetse mwana theka la piritsi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu.