Mfuti ya m'bokosi la atate

Tsiku lina titamaliza phunziro, mai wina wa m'kalasi mwathu anatsalira. Anatipatsa pepala nati: "Aphunzitsi, atate anga atamwalira tinapeza kamfuti m'bokosi lao, kokulungidwa m'nsanza. Pali zilembo. Ndazikopera apa ndi dzanja langa. Kodi zikunena ciani?"

Pa pepalapo panali nyenyezi ya nsonga zisanu, zilembo zinai CCCP, ndi manambala awiri: 1945 ndi ina yaitali. Maiyo atalola, m'mawa mwake tinawerenga pepalalo ndi kalasi lonse.

Zilembo izi si za Cinyanja, si za Cipwitikizi. Ndi za Cirasha. M'Cirasha C amamveka ngati S, ndipo P amamveka ngati R. Conco timawerenga SSSR. Ili ndi dzina lacidule la União Soviética, dziko lalikulu limene linagawika mu 1991.

Mfuti ya m'manja yokhala ndi cizindikiro ici pa cogwirira cake imachedwa Tokarev, kapena TT-33. Anaikonza ndi Fedor Tokarev, mumzinda wa Tula. Nambala 33 ikunena caka ca 1933. M'kati mwake mumalowa zipolopolo 8. Nambala 1945 ndi caka cimene mfuti iyi inapangidwa, caka comwe inatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nambala yaitali ndi ya mfuti imeneyi yokha, monga nambala ya pa citupa ca munthu.

Nanga inafika bwanji kwathu kuno?

Pa 25 Setembro 1964 FRELIMO inayamba nkhondo yomenyera ufulu. Zida zambiri zinacokera ku União Soviética ndi ku China. Zinali kutsikira ku Tanzania. Kucokera kumeneko amuna ndi akazi anali kuzisenza pamutu, kuyenda m'thengo masiku ambiri, mpaka ku Cabo Delgado ndi ku Niassa. Kuyambira 1968 zina zinalowa ku Tete kudzera ku Zambia. Asilikali a Apwitikizi anali ndi mfuti ya m'manja ya mtundu wina, Walther, yocokera ku Jeremani.

Koma tisafulumire. Pa nkhondo mfuti imasintha manja. Ndiponso ufulu utabwera mu 1975, kunabuka nkhondo ina imene inatha mu 1992, ndipo mfuti zotere zinacuruka. Zilembo zimatiuza kumene mfuti inapangidwa. Sizitiuza amene anainyamula.

Safunsa anadya phula. Tinamuuza mnzathu kuti akafunse akulu. Anapita kwa azakhali ake, ndipo anabwera ndi nkhani iyi. Atate ake ali mnyamata anali m'gulu la osenza zida. Usiku wina mtsogoleri wa gulu lao anavulala mwendo. Mnyamatayo anamubereka kumsana mpaka kuoloka mtsinje. Posiyana, mtsogoleriyo anamupatsa mfuti yake. Atatewo anaisunga zaka zonse, osaiomba, osauzako ana ao.

Mnzathu analira pofotokoza. Anati: "Ndinali kuwadziwa ngati mlimi wacete. Sindinadziwe kuti anaberekapo munthu pakati pa nkhondo. Ndingataye bwanji cinthu cimene anacisunga cotere?"

Tinamumvetsa. Koma tinakambirananso zoona zina. Mfuti yakale ikhoza kukhala ndi cipolopolo m'kati. Tokarev ya ku Russia ilibe kacitsulo koitsekera kuti isaombe mwangozi. M'nyumba muli adzukulu. Ndiponso lamulo silola kusunga mfuti popanda cilolezo.

Anthu a dziko lathu anakumanapo kale ndi funso limeneli. Mu 1995 bungwe la machalichi, Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba nchito yosandutsa zida kukhala makasu. Wopereka mfuti anali kulandira khasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo anazidula. Mu 2001 mmisiri wina wa ku Maputo, Kester, anapanga mpando ndi zidutswa zake. Mpandowo anaugula a British Museum a ku London.

Mnzathu anaganiza sabata yathunthu. Kenaka anapita kwa mfumu, ndipo mfumu inaitana apolisi kudzatenga mfutiyo. Asanaitenge, iye anatsegula buku lake lolembamo. Anajambula nyenyezi ija, analemba manambala onse, ndi dzina la atate ake, ndi dzina la mtsinje. Nkhani ya azakhali inadzaza masamba awiri. Tsopano bukulo liri m'bokosi muja, ndipo adzukulu akhoza kuligwira.

Tikambirane:
1. Kodi nambala 1945 ikutiuza ciani? Nanga siitiuza ciani?
2. Tikapeza mfuti kapena cipolopolo cakale, tikauze yani?
3. Ndi wamkulu uti m'mudzi mwathu amene tingalembe nkhani yake sabata ino?