Masamu m'Sukulu za Mishoni

M'chaka cha 1941, potsatira pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, boma linapereka maphunziro oyamba a ana akuda m'manja mwa mishoni zachikatolika, ndi kulamula kuti aphunzire m'Chipwitikizi. Motero mwana wodziwa kale kuwerenga mbuzi za atate wake anayambanso ndi um, dois, três, mphunzitsi akumuyalira njere za chimanga. Madzulo ankaloweza tabuada pamoto, pakuti wolakwitsa m'mawa ankatambasula chikhatho kuti alandire palmatória. Mayeso ankachongedwa pa 20, ndipo wosafika 10 anali atagwa. Nkhanza zinalipo, abale, tisabise. Komabe amene anapirira sankanyengedwanso pa sikelo ya kusitolo pogulitsa chimanga chawo.