Makina Amene Anaona Ubongo wa Ana ku Blantyre

Ine ndikamva za MRI, maganizo anga amathamangira ku Blantyre. Kwa zaka zambiri, madokotala pachipatala cha Queen Elizabeth ankaona ana akukomoka ndi malungo a muubongo, ena n'kumwalira, koma chowapha chenicheni chinkabisala m'chigaza. Kupima mitembo sikunkapereka yankho lokwanira.

Mu 2008 kunafika makina a MRI, ojambula m'thupi ndi mphamvu ya maginito popanda kung'amba khungu. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Terrie Taylor linayamba kujambula ana akadali moyo. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa ana ambiri omwalirawo, ubongo unkatupa mpaka kupanikiza mbali yolamulira kupuma, mwana n'kubanika. Kuyambira pamenepo, ofufuza anatembenukira ku njira zophwetsera kutupako ndi zothandizira mwana kupuma.