Kukonza matabwa a pansi m'nyumba yakale musanayale laminado

Laminado, imene m'masitolo amaitcha piso laminado, ndi timatabwa toyala pansi m'nyumba, tochindikala mamilimita 7 mpaka 12. Mkati mwake ndi utuchi wopanikizidwa, pamwamba pali chithunzi cha thabwa ndi chikutu cholimba. Idayamba kupangidwa mu 1977 ndi kampani ya Perstorp ya ku Sweden. Timatabwati timakolana tokha popanda msomali, ndipo tilibe mphamvu yakeyake: timadalira chimene chili pansi pake.

Nyumba zambiri ku Ulongwe pansi pake ndi simenti. Malangizowa akukhudza nyumba zakale zimene pansi pake ndi matabwa okhomedwa pa mitanda, ija akalipentala amati mabarote, monga zina za nthawi ya Apwitikizi, pamene Ulongwe inkatchedwa Vila Coutinho. M'nyumba zotere laminado imangobisa vuto. Mukayala pa matabwa owola, pansi pamanyamuka, timatabwa timathyoka m'malumikizo, ndalama n'kupita pachabe.

Chinyezi ndi chiswe

Yambani ndi kufufuza adani awiriwa. Kuno ku Angónia mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo nthaka ya kunsi kwa nyumba imachedwa kuuma. Zulani thabwa limodzi kapena awiri m'mbali mwa khoma, muwunike ndi tochi. Bayani mabarote ndi nsonga ya mpeni: ukalowa mosavuta, mtandawo wawola kapena wafumbwa. Tinjira ta dothi pa khoma tikusonyeza chiswe. Konzani denga lodontha ndi paipi yotaya madzi, tsegulani timabowo ta mpweya ta m'maziko, thirani mankhwala a chiswe, ndipo sinthani mtanda uliwonse wowola. Ntchitoyi imayenda bwino m'chilimwe, matabwa ali ouma.

Kulimbitsa ndi kusalaza

Yendani m'chipinda chonse. Thabwa limene likulira kapena kugwedera limangeni pa barote ndi maparafuzo, chifukwa misomali imasololoka pakapita nthawi. Mitu ya misomali yakale ikhomereni mkati. Thabwa losweka lichotseni, muikepo lina louma lochindikala mofanana.

Kenaka gonekani chitsulo chowongoka cha mamita 2 pansi. Mpata wa pansi pake usapitirire mamilimita 3. Potukuka palani, polowa dzazani. Ngati matabwa ambiri apindika, khomani contraplacado pamwamba pa chipinda chonse.

Musanayambe kuyala

Sesani fumbi lonse, muyale siponji yopyapyala ya mamilimita 2 kapena 3. Pulasitiki yotchinga chinyezi ndi ya pansi pa simenti; pa matabwa imatsekera chinyezi mkati n'kuwawoletsa. Makatoni a laminado agone chathyathya m'chipindamo maola 48, kuti timatabwa tizolowere mpweya wa m'nyumbamo. Ngati simudakhome contraplacado, yalani mopingasa matabwa akale. M'mbali mwa makoma siyani mpata wa mamilimita 8 mpaka 10, popeza laminado imafufuma nyengo ya mvula. Yesaninso zitseko, chifukwa pansi pakwera. Zina zifunika kudulidwa kunsi.

Mukapeza kuti mabarote ambiri awola, laminado iyambe yadikira. Itanani kalipentala kapena mmisiri womanga aone ngati n'kotheka kusintha mitanda yonse, kapena ngati ndi bwino kuzula matabwa, kukwirira dothi ndi kuthira simenti.