Haute Route: Ulendo wa pa Chipale Chofewa M'mapiri a Alps

Haute Route, mawu a Chifalansa otanthauza "njira ya pamwamba", ndi dzina la njira yodutsa m'mapiri a Alps kuchokera ku Chamonix m'dziko la France kukafika ku Zermatt ku Switzerland. Imayambira m'munsi mwa phiri la Mont Blanc ndi kuthera patsinde pa Matterhorn, phiri lotalika mamita 4,478. Oyenda pa ski, omwe ndi matabwa aatali omangiriridwa ku nsapato, amatha masiku 6 kapena 7 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Ulendowu umachitika kuyambira pakati pa Malichi mpaka Meyi, pamene chisanu chikutha ku Ulaya ndipo kuno mvula ikukata.

Mbiri ya njirayi

Anthu a bungwe la Alpine Club la ku Britain ndiwo adayamba kuyenda njirayi wapansi m'nyengo yotentha cha m'ma 1860. Mu Januwale 1911, Marcel Kurz ndi François Roget, pamodzi ndi owalondolera njira, adaidutsa pa ski kuchokera ku Bourg-Saint-Pierre mpaka ku Zermatt. Asilikali a Switzerland adayambitsa mpikisano wa Patrouille des Glaciers pa chigawo china cha njirayi mu 1943. Mpikisanowu udaletsedwa anthu atatu atafera mumng'alu wa madzi oundana mu 1949, ndipo udayambiranso mu 1984.

Kukwera ndi kutsika

Pa mbali yaikulu ya njirayi palibe makina okweza anthu monga kumalo a alendo. Munthu amakwera ndi miyendo yake. Kunsi kwa ski amamatako nsalu yaubweya imene imaterera kutsogolo koma osabwerera m'mbuyo. Kale ankagwiritsa ntchito zikopa za nyama za m'nyanja, koma masiku ano nsaluyi imapangidwa ndi nayiloni kapena ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, umene South Africa ndi Lesotho ali m'gulu la mayiko ougulitsa kwambiri. Pokwera, chidendene chimasiyidwa chomasuka. Akafika pamwamba amamatula nsalu ija, kumanga chidendene, nkuyamba kutsetsereka.

Usiku amagona m'nyumba za m'mapiri monga Trient, Dix ndi Vignettes. Ambiri amakwera nsonga ya Pigne d'Arolla, yotalika mamita pafupifupi 3,790, kutanthauza kuti imaposa Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita pafupifupi 800. Tsiku lomaliza ndilo lotopetsa koposa, poti pamakhala mipata itatu yoti aoloke: Col de l'Evêque, Col du Mont Brulé ndi Col de Valpelline.

Chipale chimasintha ndi dzuwa

Chimene chimalamula ulendo wa nyengoyi ndi kusungunuka ndi kuundana kwa chipale tsiku ndi tsiku. Usiku kukakhala kopanda mitambo, kutentha kumathawira kumwamba ndipo pamwamba pa chipale pamauma gwaa. Mbandakucha munthu amayendapo osatitimira. Dzuwa likakwera, masentimita ochepa apamwamba amafewa pamene pansi pakadali polimba, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yabwino yotsetsereka. Simatenga maola ambiri. Pofika masana madzi amalowerera pansi, chipale chimalemera ndi kusiya kugwirana, ndipo chimatha kugumuka.

Nchifukwa chake aulendo amanyamuka kukadali mdima, nyali zili pamphumi, kuti akafike kogona dzuwa litangopendeka. Amawerengeranso kumene mtsetse wayang'ana. Woyang'ana kum'mawa umafewa poyamba, kenako wakumwera, pomaliza wakumadzulo. Mitsetse yakumpoto, imene dzuwa siliifika kwenikweni, imasunga chipale chouma cha m'chisanu, ndipo nthawi zina pansi pake pamabisala gawo losalimba. Usiku ukakhala wa mitambo kapena wa mphepo yofunda, chipale sichiundana, choncho ngozi imakhalapo kuyambira m'mawa. Fumbi la m'chipululu cha Sahara, limene mphepo imaliolotsa nyanja ya Mediterranean, limadetsa chipale nkuchititsa kuti chisungunuke msanga, monga zidachitikira mu 2022.

Ngozi ndi kudziteteza

Chigumukire cha chipale chimafanana ndi napolo m'mene chimatsikira ndi kukokolola zimene chapeza. Kawirikawiri chimayambira pa mitsetse yopendekeka madigiri 30 mpaka 45. Bungwe la SLF la ku Davos limatulutsa chenjezo tsiku lililonse m'nyengo ya chipale, potsata muyeso wa 1 mpaka 5 umene mayiko a ku Ulaya adagwirizana mu 1993. M'nyengo ino chenjezolo nthawi zina limakhala pawiri: lina la m'mawa, lina la masana, pamene chipale chanyowa.

Waulendo aliyense amanyamula zida zitatu: kachipangizo kotumiza ndi kulandira zizindikiro za wailesi, ndodo yaitali yofufuzira ndi fosholo. Kafukufuku wa ku Switzerland adasonyeza kuti anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse okwiririka amapezeka amoyo akafukulidwa m'mphindi zoyambirira, koma pakadutsa mphindi 35 amoyo amakhala pafupifupi 30 okha. Ndege yopulumutsa anthu kawirikawiri simafika msanga chotero. Wofukula munthu ndi mnzake amene ali naye paphiripo.

Ngozi ina ndi ming'alu ya madzi oundana. Chipale chimaiphimba ngati mlatho, ndipo mlathowo umafooka kukatentha. Apa anthu amamangana chingwe m'chiuno. Palinso namondwe. Kumapeto kwa Epulo 2018, anthu 14 adasochera m'chifunga ndi mphepo yamkuntho pafupi ndi Pigne d'Arolla nagona panja. Mwa iwo 7 adamwalira, nyumba ya Vignettes ili pamtunda wa mamita mazana ochepa chabe. Mu Malichi 2024, anthu 6 ochokera ku Zermatt kulowera ku Arolla adafera pafupi ndi Tête Blanche, ndipo 5 mwa iwo adali a banja limodzi. Malangizo a akatswiri olondolera njira ndi akuti gulu lizikhala litapangana kale ora lobwerera, ngakhale nsonga ikuonekera pafupi.

Kusintha kwa nyengo

Madzi oundana a m'mapiri a Switzerland adachepa ndi magawo pafupifupi 6 pa 100 mu 2022 ndi enanso 4 mu 2023. Zotsatira zake zikuoneka panjirayi. Potsikira pa Col du Chardonnet pakhala paphompho kwambiri, moti magulu ambiri tsopano amadzera ku Col du Passon. Zaka zina chipale chimatha msanga m'zigwa, ndipo aulendo amamaliza makilomita otsiriza opita ku Zermatt wapansi, ski zili kumsana.

Ngakhale zili choncho, okonda masewerawa akuchuluka. Mu 2021 komiti ya Olimpiki idavomereza kuti mpikisano wokwera mapiri pa ski ulowe m'masewera a nyengo yachisanu a 2026 ku Italy. Kummwera kwa Africa, malo otsetserekera a Afriski m'mapiri a Maloti ku Lesotho amalandira alendo pakati pa Juni ndi Ogasiti, koma kumeneko amadalira kwambiri chipale chopangidwa ndi makina.