MALIRO NKULIRANA

Pa 27 April 1993 dziko la Zambia linagwa m'cisoni cacikuru. Ndege imene inanyamula anyamata a mpira wa miyendo, pa ulendo wao wa ku Senegal, inagwera m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa. Mwa iwo munali osewera 18 ndi mphunzitsi wao, Godfrey Chitalu.

Bungwe la mpira la m'dzikomo linasowa pogwira. Koma akuru anati maliro nkulirana. Boma la Denmark, dziko lakutali ku Ulaya, linaitana anyamata atsopano kuti akaphunzire kumeneko, nililipira zonse. Anawaphunzitsa ndi Roald Poulsen. Mtsogoleri wao anali Kalusha Bwalya, amene sanakwere nao ndege ija popeza anali ku nchito yace ku Holland.

Pa 4 July caka comweco anyamatawo anagonjetsa Morocco 2-1 ku Lusaka. Mu 1994 anafika pa masewera otsiriza a cikho ca Afrika, koma Nigeria anawapambana. Cikhoco Zambia anadzacitenga mu 2012, mu mzinda womwe uja wa Libreville, pafupi ndi nyanja imene inameza ana ace.