Momwe kompyuta inaphunzirira kuona shuga m'diso

Matenda a shuga akamalowa m'maso sachita odi. Amayamba ndi timitsempha ta magazi ta kumbuyo kwa diso, pa kansalu kopyapyala kolandira kuwala kamene madokotala amati retina. Timitsemphato timafooka, timatupa apa ndi apo, kenaka timayamba kuchucha madzi ndi magazi. Nthawi yonseyi mwini diso amawerenga, amasoka, amapalasa njinga, osamva kuwawa kulikonse. Tsiku limene adzayambe kuona chifunga, zambiri zimakhala zitaonongeka kale. Choncho funso limene lasautsa madokotala kwa zaka zoposa 150 n'lakuti: ndani azisuzumira m'diso la munthu amene sakudandaula kanthu?

Poyamba vuto linali kusuzumirako. Mu 1851 Hermann von Helmholtz wa ku Germany analengeza za kachipangizo ka magalasi kounikira m'kati mwa diso la munthu wamoyo. Patangopita zaka zochepa, Eduard Jaeger wa ku Vienna anajambula pamanja timadontho timene anationa m'diso la wodwala shuga. Akatswiri ena otchuka anakana kuti shuga ndiye wachititsa, ndipo mkangano unatha zaka. Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti odwala shuga a nthawi imeneyo, makamaka achinyamata, ankamwalira maso asanafike poonongeka. Insulini itayamba kuperekedwa kwa odwala ku Toronto mu 1922, anthu aja anayamba kukhala ndi moyo zaka makumi angapo, ndipo m'pamene khungu la shuga linachuluka m'zipatala. Mankhwala opulumutsa moyo ndiwo anavumbula matenda amene imfa inkabisa.

Kamera inabwera mwapang'onopang'ono. Chithunzi choyamba cha retina ya munthu wamoyo, chimene Jackman ndi Webster anafalitsa mu 1886, chinali chosaoneka bwino. Kampani ya Zeiss inayamba kugulitsa kamera yojambulira m'diso m'zaka za m'ma 1920. Koma kujambula nthenda imene sungaichize kunali kungosunga mbiri ya khungu likubwera. Amene anasintha zinthu ndi Gerd Meyer-Schwickerath. Iye anaona anthu amene retina yawo inapsa chifukwa choyang'anitsitsa kadamsana, ndipo anaganiza kuti kutentha komweko, kukalunjikitsidwa pamalo oyenera, kungachize. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ankasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa ndi magalasi padenga la chipatala ku Hamburg, kukachita mitambo ntchito n'kuima. Dzuwa linalowedwa m'malo ndi nyali yamphamvu, nyaliyo ndi laser. M'zaka za m'ma 1970 kafukufuku wamkulu wa ku America anasonyeza kuti kuotcha retina ndi kuwala kumachepetsa ndi theka chiopsezo chotaya maso kwa odwala amene matenda awafika pakulu. Akatswiri anali atagwirizananso kale, pamsonkhano wa ku Airlie House mu 1968, za njira yoikira zithunzi m'magulu molingana ndi kukula kwa matenda. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono, koma popanda muyeso umodzi sipakanakhala chophunzitsa kompyuta pambuyo pake.

Chithandizo chitapezeka, kudikira kuti wodwala abwere yekha kunasanduka kulakwa. Dziko la Iceland linayamba kupima maso a odwala shuga mwadongosolo mu 1980. Mu 1989 mayiko a ku Ulaya, atakumana ku St Vincent m'dziko la Italy, analonjeza kuchepetsa khungu la shuga ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. England inayamba ndondomeko ya dziko lonse mu 2003: wodwala shuga aliyense kuyambira zaka 12 azijambulidwa maso chaka ndi chaka. Zipatso zake zinaoneka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti ku England ndi Wales shuga sanalinso woyamba pa zochititsa khungu pakati pa anthu a msinkhu wogwira ntchito, koyamba m'zaka 50.

Kupambanako kunabala mtolo watsopano, wa zithunzi mamiliyoni chaka chilichonse, zambiri mwa izo za maso abwinobwino. Munthu amene wakhala tsiku lonse akufunafuna kadontho kofiira kamene kulibe amatopa, ndipo diso lotopa limalumpha kadontho kamene kalipo. Apa ndi pamene kompyuta inalowera, ndipo inalowa ngati lichero chabe, kupeta zithunzi zopanda vuto kuti akatswiri atsale ndi zokayikitsa. Ofufuza a ku Aberdeen m'dziko la Scotland anagwira ntchitoyi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kulembera kompyuta malamulo pamanja: funa kadontho kozungulira, kakuda kuposa pozungulira pake, kosalumikizana ndi mtsempha. Scotland inaika pulogalamu yotere m'ndondomeko yake ya dziko lonse chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, phokoso la makina ophunzira okha (AI) lisanayambe, ndipo anthu ambiri olemba mbiriyi amaiwala zimenezi.

Njira yolemba malamulo inasiyidwa mofulumira. M'malo mouza kompyuta chofunafuna, akatswiri anayamba kuionetsa zithunzi zochuluka, chilichonse ndi chigamulo cha dokotala, kuti izindikire yokha. Mu 2015 panachitika mpikisano wa pa intaneti wa Kaggle pa zithunzi za retina, ndipo mu 2016 gulu la Google linafalitsa zotsatira za pulogalamu imene linaiphunzitsa ndi zithunzi 128,175 zochokera ku America ndi ku zipatala za maso za ku India. Madokotala 54 ndiwo anagamula zithunzizo, ndipo chithunzi chilichonse chinaonedwa ndi madokotala angapo, chifukwa iwo eni ankasiyana maganizo kawirikawiri. Zimenezi n'zofunika kuzikumbukira tikamva kuti kompyuta yafanana ndi dokotala: yafanana ndi dokotala uti? Mu April 2018 bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linavomereza IDx-DR, pulogalamu ya Michael Abràmoff wa ku Iowa, kuti izipereka chigamulo payokha popanda dokotala wa maso kuonanso chithunzicho. Inali yoyamba kulandira chilolezo chotere pa matenda alionse. Inayesedwa pa anthu 900 m'zipatala wamba, ndipo inapeza odwala 87 pa 100 alionse amene anali ndi matendawa pamlingo wofunika kuonedwa ndi katswiri.

Kunja kwa labotale zinthu zinavuta. Google itayesa pulogalamu yake m'zipatala 11 za ku Thailand, inakana zithunzi 21 pa 100 zilizonse kuti sizikuoneka bwino. Zipinda zinali zowala kwambiri, anamwino analibe nthawi yodikira kuti maso a wodwala azolowere mdima, ndipo intaneti ikachedwa mzere unkatalika. Odwala amene zithunzi zawo zakanidwa ankauzidwa kuti akaonane ndi katswiri kuchipatala china, ena mwa iwo opanda vuto lililonse. Pulogalamuyo sinalakwe masamu. Inali itaphunzira pa zithunzi zoyera, n'kukapezeka m'chipinda chimene sichinamangidwe kuti muzijambulidwa maso.

Kwathu kuno funso linali lakuti pulogalamu yophunzitsidwa pa maso a anthu a ku Asia ingawerenge maso a Afirika. Yankho lina linachokera ku Copperbelt m'dziko la Zambia, kumene pulogalamu ya ku Singapore inayesedwa pa zithunzi za odwala shuga 1,574, ndipo zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti inapeza oposa 90 pa 100 alionse ofunika kutumizidwa kwa katswiri. Kufunika kwa pulogalamu zotere kwathu kuno sikokayikitsa. Kafukufuku wochitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Zomba, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti theka la odwala shuga amene anapimidwa anali ndi matenda a retina, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 alionse anali pachiopsezo chotaya maso. Madokotala a maso ndi ochepa, ndipo laser imapezeka m'zipatala zochepa za m'tauni.

Ineyo phindu lalikulu la makinawa ndimaliona pa liwiro, osati pa kuchenjera. Munthu akauzidwa zotsatira ali pompo, ataonanso yekha chithunzi cha diso lake, amakhulupirira kuposa wouzidwa kuti adikire foni. Ku Rwanda anaziyesa zimenezi ndi pulogalamu ya bungwe la Orbis. Mwa odwala amene anauzidwa nthawi yomweyo kuti akaonane ndi dokotala wa maso, oposa theka pang'ono anapitadi, pomwe mwa amene analandira uthenga patapita masiku anapita 4 mwa 10 alionse. Kusiyanako n'kwenikweni. Komabe ngakhale m'gulu louzidwa pompo, pafupifupi theka silinakafike kwa dokotala.